Kumuuza Mulungu kuti "iwe"

Envelopu ija inafika Lachinayi masana, yoyera, yaikulu, yochokera ku Salt Lake City ku America, kulikulu la mpingo wathu. Amayi anali akukonzekera kupita ku ntchito ya usiku, ndiye anangoitenga n'kuisanja pamwamba pa filiji. "Usaigwire mpaka ndibwere." Usiku wonse ndinkangopita kukhitchini kukamwa madzi ndilibe ludzu. M'mawa mwake tinaitsegula agogo ali pa foni kuchokera ku Chilomoni, ine n'kumawerenga mokweza mpaka pamzere umene aliyense amaudikira. Ndaitanidwa kukatumikira ku Hungary kwa zaka ziwiri, ndipo ndikalalikira m'Chihangare. Pansi pake panali siginecha ya Thomas S. Monson, yemwe nthawi imeneyo, mu 2016, ankatsogolera mpingo wathu.

Pa foni panali zii. Kenako agogo anati, "Kumeneko n'kuti?"

Palibe anayankha msanga. Mlongo wanga anathamangira pa Google.

Ena mukudabwa kuti mwana wa ku Chilomoni za ku Hungary zikumukhudza bwanji. Amayi ndi namwino. Anali m'gulu la anamwino aja amene anakhamukira ku Mangalande kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo ine ndi mlongo wanga tinatsala m'manja mwa agogo mpaka 2008, pamene tinawatsatira ku Leeds ndili ndi zaka 11. Kumeneko ndi kumene anyamata awiri a mashati oyera anagogoda pakhomo pathu tsiku lina mvula ikugwa, amayi n'kuwalowetsa chifukwa chowamvera chisoni basi. Patapita nthawi tinabatizidwa mu Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a M'masiku Otsiriza, umene ambiri amangoti wa Amormon. Agogo, mayi wa Mvano wa CCAP kuyambira kalekale, sizinawasangalatse, koma anati bola tikupemphera.

Zaka 8 za ku Leeds zinandidya Chichewa. Kumva ndinkamva chilichonse, koma poyankha pakamwa pankatuluka Chingerezi. Ndi agogo pa foni nkhani zanga zinkathera pa "tili bwino, kaya inu" ndi "sukulu ikuyenda." Sindinkaona vuto. Agogo okha ndi amene ankati ndikuyankhula ngati mzungu wa ku mishoni, ndipo atamva kuti kumene ndikupitako azikanditchula Elder, anafunsa tanthauzo lake. Nditawauza kuti ndi "mkulu" anaseka mpaka kutsamwa. Kwa iwo mkulu wa mpingo ndi bambo wa imvi, wa jekete, woweruza milandu ya m'mabanja. "Iwe, ndevu zomwe ulibe?" Ndinali ndi zaka 19.

Chihangare ankaphunzitsa ku Provo, m'chigawo cha Utah ku America, pamalo ophunzitsira amishonale amene aliyense amangoti MTC. Pali m'tsinde mwa mapiri a Wasatch, moyandikana ndi yunivesite ya Brigham Young, ndipo amaphunzitsapo zinenero zoposa 50. Atsopano amafika Lachitatu. Umangotsika galimoto wina walanda kale chikwama chako, wina akukupachika baji yakuda pachifuwa, ndipo pabajipo amamatapo kadontho ka mtundu wa lalanje kuti aliyense adziwe kuti ndiwe mlendo. Tsiku lonse anthu osawadziwa amangokukuwira kuti takulandirani. Baji yanga inali ya m'Chihangare, ndiye dzina la makolo linali patsogolo, udindo pambuyo. Ukakhala wa kwa Banda umakhala Banda elder, mtsikana amakhala Banda nővér. Ku Hungary mfunda ndi umene umayamba, dzina lako n'kumatsatira.

Chinayamba kundilanga si chinenero, koma mpweya. Ku Utah n'kouma kuposa October wa ku Nsanje, kungoti kulibe thukuta. Tsiku lachitatu milomo inali itang'ambika, miyendo yatuwa mbuu, m'mphuno mukutuluka magazi. Botolo la Vaseline limene amayi anandikakamiza kunyamula ndinalilemekeza kuyambira pamenepo. Chakudya chinalipo chodya mpaka kutopa, mkaka wa chokoleti wotunga wekha pampopi, koma ukadzuka patebulo m'mimba munkakhalabe ngati mukudikira nsima.

Anandipatsanso mnzanga woyenda naye. Lamulo ndi lakuti mmishonale sakhala yekha: mnzako azikuona ndipo azikumva nthawi zonse, kupatula kubafa ndi kuchimbudzi. Wanga anali mnyamata wa pafamu ya mbatatesi ku Idaho, wamtali ngati mlongoti, wamtima wabwino, wamkonono woopsa. Funso lake loyamba linali lakuti ndinaonapo mkango kuseri kwa nyumba yathu. Ndinamuuza kuti ku Leeds mikango inatha.

Tinalowa m'kalasi tsiku lomwelo tisanamasule ndi zikwama zomwe. Tinalipo 8, anyamata 6 ndi atsikana awiri, m'kachipinda kothina. Mphunzitsi wathu, mtsikana wa pa yunivesite ija amene anali atangobwerako ku Hungary, anatilandira ndi mawu oti "Sziasztok!" n'kuyamba kuyankhula. Anayankhula maola atatu osaponyamo liwu limodzi la Chingerezi. Ankaloza, kujambula pabolodi, kugwada, kudzigunda pachifuwa, ife maso tong'o. Boma la America likamaphunzitsa akazembe ake Chihangare limawapatsa masabata 44. Ife tinapatsidwa 9. Anzathu opita kumayiko a Chingerezi ankakhala masabata atatu, a Chisipanishi 6, moti tinaona magulu akubwera ndi tumadontho tawo, kutiphunzira mayina, kutsanzika, ife tikadali pomwepo ngati mwala wa pamtsinje.

Kudzuka 6:30, kugona 10:30, ndipo pakati ponsepo ndi kalasi, kuwerenga malemba, kudya, ola la masewera, kalasi kachiwiri. Foni ayi, nyimbo za kunja ayi, nkhani za pa wailesi ayi. Kulemba imelo kunyumba kunali kamodzi pa sabata, tsiku lochapa zovala. Zimenezi ndizidutsa mwachangu chifukwa munthu umazolowera ngati kusukulu yogonera komweko.

Lachisanu, patangopita masiku awiri, anatiuza kuti tikaphunzitse munthu m'Chihangare. Anali bambo wachinyamata, atakhala m'kachipinda kena, nkhope ili gwa. Ine ndi mnzanga tinali titakopera ziganizo papepala. Tinaziwerenga zonse m'mphindi 4, n'kutha. Ndiye bamboyo anafunsa funso lalitali. Mnzanga anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana. Liwu limene ndinkalidziwa bwino linali igen, kutanthauza inde, ndiye ndinalinena mwamphamvu ndikumwetulira. Bambo uja anasangalala kwambiri, n'kutigwira chanza. Patatha sabata tinadzazindikira kuti anali mphunzitsi wathu wachiwiri amene ankangoyerekezera, ndipo anatiuza kuti funso lija linali lakuti akalowa mpingo angapitirize kumwa pálinka, kachasu wa kumeneko amene amatcheza ndi zipatso. Mpingo wathu suloleza ngakhale khofi. Ine ndinali nditamutsegulira bawa.

Chihangare chimayankhulidwa ndi anthu pafupifupi 13 miliyoni, ndipo pakati pa Ulaya chili ngati mwana wamasiye: sichili pachibale ndi Chijeremani, Chisilovaki kapena Chiromaniya zimene zachizungulira. Abale ake odziwika ndi Chifinishi ndi Chiesitoniya, kumpoto kutali. Amene ankaphunzira Chifinishi anali pakhonde lathu lomwelo, ndipo tinkafananitsa mawu: dzanja kwa ife kéz, kwa iwo käsi, madzi víz ndi vesi, magazi vér ndi veri. Chibale chake chimathera pomwepo, samvana n'komwe. Ife tikamva Mzulu akuti amanzi timadziwa kuti akufuna madzi, koma awa anasiyana kalekale zedi.

Chovuta choyamba chinali makutu. Chichewa chili ndi mavawelo 5. Chihangare chili ndi 14, ndipo kadontho kapena kamzere pamwamba pa chilembo kamasintha nkhani yonse. Örülök ndi "ndasangalala," koma ukangokoka pang'ono ö uja n'kukhala ő, wanena kuti ukupenga. Mnzanga wa ku Idaho anatha sabata yathunthu akuuza aliyense kuti akupenga pokumana naye. Chilembo s chimamveka ngati sh, pomwe s wathuyu amalembedwa sz, ndiye likulu lawo lija amalitchula Budapesht. Pa ny pokha ndi pamene ndinkawadyera anzanga. Iwo ankapindika lilime pa nyelv, liwu lotanthauza lilime komanso chinenero, ine mwana wa nyama ndi nyemba ndikungodutsa. Koma Chihangare chimagunda mawu aliwonse koyambirira, pomwe ife timakokera chakumapeto, ndiye köszönöm wanga, zikomo, ankatuluka ngati dzina la mudzi wa ku Ntcheu.

Ndiye panali l ndi r. Ndinkaganiza kuti awiriwa ndinathana nawo kupulayimale ya ku Leeds, kumene ana anandiseka mpaka ndinaphunzira. Koma lilime likatopa limabwerera kwawo. Madzulo ena aliyense ankaimirira kupereka umboni wake m'kalasi. Ndinafuna kunena kuti "Tudom, hogy Jézus Krisztus él," ndikudziwa kuti Yesu Khristu ali moyo. M'malo mwa él ndinati ér, liwu limene amagwiritsa ntchito ponena mtengo wa chinthu. Mphunzitsi anadikira pang'ono ngati ndipitiriza, kenako anafunsa mwaulemu, "Mennyit?" Zingati? Kalasi yonse inagwa pansi. Ndinaseka nawo, koma usiku ndinagona chafufumimba n'kumadzifunsa kuti amene anasankha Hungary ankaona chiyani mwa ine.

Zinthu zinatembenuka m'sabata lachitatu. Mphunzitsi analemba mawu atatu pabolodi: szeretek, szeretem, szeretlek. Tsiku limenelo analolera kufotokoza m'Chingerezi chifukwa ndi phunziro limene amishonale ambiri amalira nalo. Anati m'Chihangare mneni amasintha malinga ndi chimene ukuchitacho: ngati n'chinthu chilichonse, mchira wake ndi wina, ngati n'chinthu chodziwika, mchira wina, ndipo ngati ndi ine kuchitira iwe, palinso mchira wakewake, moti liwu limodzi lanyamula anthu awiri. Anzanga anagwira mitu. Wina anafunsa kuti munthu angaganize bwanji zonsezo asanatsegule pakamwa. Ine ndinayang'ana mawu atatu aja, ndipo m'mutu mwanga munamveka mawu a agogo, osati a mphunzitsi: ndimakonda, ndimamukonda, ndimakukonda.

Ndinachita kunyanyuka pampando. Olvasok egy könyvet, ndikuwerenga buku. Olvasom a könyvet, ndikuliwerenga bukulo. Ka li kaja kamene sindinakaganizirepo chibadwire, kameneko ndi kamene anzangawa ankakalirira. Sizifanana ndendende, pali malo amene Chihangare chimakakamiza pomwe Chichewa chimakulekerera, koma khomo ndinali nditaliona. Mphunzitsi atationetsa mmene mawu amamangidwira, ház nyumba, házam nyumba yanga, házamban m'nyumba mwanga, anatiopseza ndi liwu lija la zilembo 44 limene amakonda kuonetsa alendo, megszentségteleníthetetlenségeskedéseitekért, limene palibe amalinena pamsika. Ndinapempha choko. Ndinalemba sindidzakuphikiraninso, n'kulidula zidutswa 9, n'kuwauza kuti ili ndiye mayi wokwiya amalinenadi, ndipo mwana wa zaka 4 amalimva. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timakoloweka zambiri kutsogolo, iwo kumbuyo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuchiona Chichewa paliponse. Anzanga ankafunsa kuti ő ndi mwamuna kapena mkazi, ine ndikudziwa kuti ndi iye basi. Ankadabwa kuti bwanji "mu" amakhala -ban pa házban, m'nyumba, koma -ben pa kertben, m'dimba. Yankho ndi lakuti mchira umamvera mavawelo a liwulo. Nanga ife bwanji timati gulira ndi phikira koma lembera ndi gonera? Palibe anatiphunzitsa, khutu limangokana "lembira." Malamulo ake ndi osiyana, koma chizolowezi chomvetsera liwu usanalimate mchira ndinali nacho kale. Ngakhale pa, mu ndi kwa anali pomwepo, atangokhala kumbuyo. Amati Budapesten, ngati "pa Budapest," koma Debrecenben, "mu Debrecen," ndipo ukafunsa chifukwa amangoti ndi mmene timanenera, monga mmene wina amati ali pa Zomba wina ali mu Lilongwe. Mbale wako sangokhala mbale: wamwamuna wamkulu ndi báty, wamng'ono öcs, wamkazi wamkulu nővér, wamng'ono húg. Anthu odziwa kusiyanitsa mkulu ndi mng'ono ndinayamba kuwamva ngati akwathu.

Kope langa linali ndi mizere iwiri, Chihangare kumanzere, Chingerezi kumanja. Ndinatsegula tsamba latsopano n'kuika Chichewa kumanja. Apa ndi pamene manyazi anandigwira. Ndinali ndisanalembe Chichewa chichokereni sitandade 5, ndipo mawu ambiri a zauzimu ndinkawadziwa m'Chingerezi mokha, popeza mpingo ndinaulowera ku Leeds. Bűnbánat ndinadziwa kuti ndi kulapa. Koma engesztelés? Szövetség? Kegyelem ndi irgalom zimasiyana pati? Tsiku la imelo ndinatumiza mndandanda kwa amayi. Iwo anaimbira agogo, agogo n'kutsegula Buku Lopatulika lawo lakuda lija lomangidwa ndi mphira, ndipo sabata yotsatira mayankho anabwera: chitetezero, pangano, chisomo, chifundo. Pansi pake amayi analemba kuti, "Agogo ako akuti mpaka ku America kukaphunzira Chichewa? Akanakuphunzitsa ulere pakhonde."

Zinakhala choncho sabata iliyonse. Ola langa la pa kompyuta linkathera pa mawu. Agogo anayamba kuwonjezera awoawo amene sindinafunse, ndi miyambi yomwe, ena olembedwa molakwika chifukwa amayi ankalemba ali m'basi. M'zaka 8 ndinali ndisanachezepo ndi agogo motalika chonchi, ngakhale kuti mawu awo sindinkawamva.

M'kalasi mwathu wakuda ndinali ndekha, ndipo m'holo ya anthu mazanamazana tinkawerengeka. Nkhani ya 1978 ndinkaidziwa bwino: kufikira June wa chaka chimenecho mpingo sunkapereka unsembe kwa amuna akuda, ndipo ndikanabadwa m'nthawi ya agogo baji ija sindikanaivala. Mu 2013 mpingo unalemba poyera kuti sukugwirizana ndi zifukwa zimene anthu ankapereka kale pofotokoza lamulolo. Usiku wina magetsi atazimitsidwa mnzanga wa ku Idaho anandifunsa kuchokera pabedi lapamwamba ngati zimandipweteka. Ndinati nthawi zina. Anakhala chete nthawi yaitali, ndinkaganiza kuti akusinkhasinkha, kenako mkonono unayamba.

Chimene chinandisowetsa tulo kwenikweni chinabwera m'sabata lachinayi, ndipo chinachokera kumene ndinkadzitama kuti ndine katswiri. Tinaphunzira za ulemu. Chihangare chili ndi te, iwe, wa anzako ndi ana, ndipo chili ndi ön ndi maga, inu, wa akuluakulu ndi alendo. Wamkulu ndi amene amapereka chilolezo choti muyambe kuitanana te, wamng'ono sayambitsa. Kwa agogo aakazi supereka moni wamba, umati csókolom, chidule cha "ndikupsompsona dzanja lanu." Anzanga a ku America, amene kwawo mwana ndi pulezidenti onse ndi you, ankaona ngati mtolo wina. Ine ndinangoti awa ndiye anthu oleredwa.

Madzulo ake inali nthawi yanga yotseka kalasi ndi pemphero. Tinkapemphera m'Chihangare chiyambire tsiku loyamba, potsatira kakhadi kamene anatipatsa, ine n'kumangotchula ngati chinkhwe. Tsiku limenelo ndinamva zimene ndikunena. Mennyei Atyánk, Atate athu a Kumwamba. Kérünk téged, tikukupempha iwe. Áldd meg, dalitsa. Segíts, thandiza. Ndinaima pakati pa chiganizo. Masabata anayi athunthu ndinali ndikumulamula Mulungu ngati mwana womutuma kugolosale.

Amene simunakulire kwathu mwina simungamve kulemera kwake. Ndili ndi zaka 6 ndinawauzapo agogo kuti "bwera," ndipo khutu lakumanzereli likukumbukabe. Munthu amene anakuposa ndi zaka zochepa chabe umamuti inu. Mwamuna ndi mkazi wake m'mabanja ambiri amaitanana inu mpaka kumanda. Ndiye Mulungu? "Dzina lanu liyeretsedwe, ufumu wanu udze." Palibe nyimbo ya m'buku la agogo imene imamuti iwe Chauta. Tsiku lotsatira ndinakonza ndekha. Ndinapemphera ndi ön, áldja meg, dalitsani. Nditati ámen ndinapeza mphunzitsi akudziluma mlomo. Anati galamala yake ndi yolondola, koma zikumveka ngati ndikupempha ngongole kubanki. Anthu a ku Hungary, Akatolika, a Reformed, onse, Mulungu amamuti te, ndipo Pemphero la Ambuye lawo limatero. Anawonjezera china chimene chinandimaliza: thee ndi thou amene tinkapemphera nawo ku Leeds, ine n'kumayesa kuti ndi inu wa Chingerezi, kalelo anali mawu a pakati pa anthu ozolowerana. Zaka zonsezo ndinali ndikunena iwe ndisakudziwa.

Ndinamvera, poti mmishonale sapanga chinenero chakechake. Koma liwu lija linkandikakamira pakhosi ngati munga wa usipa.

Kamodzi pa sabata kunkabwera anthu odzipereka odziwa Chihangare kuti tiziyeserera kucheza nawo. Ambiri anali amishonale akale, koma tsiku lina tinapeza mayi wokalamba, tsitsi loyera, chikwama chili pamiyendo. Anachoka ku Hungary ali mtsikana mu 1956, pamene akasinja a Soviet Union anaphwanya kuukira kwa anthu a mu Budapest ndipo anthu pafupifupi 200,000 anathawa m'dzikomo. Ndinati "Csókolom," n'kuwapatsa moni dzanja lamanzere litagwira chigongono chakumanja, mosaganiza n'komwe, ndipo ndinawafunsa kuti "Hogy tetszik lenni?", mmene amafunsira okalamba kuti muli bwanji. Anandigwira dzanja osalisiya. Anafunsa kuti wandilera ndani.

Phunziro limene tinakonza silinapite patali. Iwo ndi amene ankayankhula. Anati pamene ankathawa sakanalota kuti anyamata ngati ife angadzayende mu Budapest ndi mabaji pachifuwa. Ndipo n'zoona kuti zonsezi ndi za dzulodzuloli: Russell M. Nelson, mmodzi wa atsogoleri a mpingo wathu, anakapempherera dzikolo paphiri la Gellért mu 1987 chikomyunizimu chikadalipo, boma linavomereza mpingo mu 1988, mishoni inatsegulidwa mu 1990, ndipo Buku la Mormon, buku la malemba la mpingo wathu, linatuluka lathunthu m'Chihangare mu 1991. Pamene ife tinkapita, mamembala anali ongopitirira 5,000 m'dziko la anthu pafupifupi 10 miliyoni. Mayiwo anatichenjeza kuti mawu amene tidzawamve kwambiri pamsewu ndi nem érek rá, ndilibe nthawi, ndipo tisadzakhumudwe, anthu akwawo sasekerera mlendo msanga.

Nthawi itatsala pang'ono ndinawafunsa funso langa, m'Chihangare chothyokathyoka. Bwanji Mulungu mumamuti te? Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa. Kenako anayankha pang'onopang'ono, n'kubwerezanso m'Chingerezi kuti ndisaphonye. Anati kumudzi kwawo bambo awo omwe ankawati maga, sakanayerekeza kuwatchula te. Wapolisi anali maga, mkulu wa chipani anali maga, aliyense amene unkayenera kusamala naye pakamwa. Usiku umene ankawoloka malire kulowa mu Austria, akuyenda m'matope mumdima, sankayankhula ndi munthu woti asamale naye pakamwa. Anangonena zimenezo, n'kutsegula chikwama, n'kutipatsa maswiti.

Ndinalembera amayi nkhani yonseyi kuti akawafunse agogo maganizo awo. Yankho linabwera lalifupi. "Akuti Mulungu amamva zinenero zonse, ndi Iye anazisokoneza pa Babele, ndiye asakudetse nkhawa. Koma akuti ukadzabwera ku Chilomoni usadzayerekeze."

Pofika sabata la 8 te uja ankatuluka osandikola. Masiku ena, makamaka nditatopa kwambiri kapena nditalephera phunziro, ndinkapeza kuti segíts, thandiza, ndi liwu lokhalo limene ndinali nalo mphamvu yolinena, ndipo linkakwana. Komabe tikatha kupemphera limodzi ndi mnzanga, iye atakwera pabedi lake, ndinkatsalira chogwada n'kunong'ona lina m'Chichewa, ndi Inu wake. Ndinali ndisanapempherepo m'Chichewa chichokereni m'nyumba ya agogo. Mpaka lero ndimachita ziwirizi, ndipo ndikafunsidwa kuti cholondola n'chiti ndimasintha nkhani.

Tinanyamuka pakati pa November, usiku kusanache, nsonga za mapiri zitayera chipale. Masabata 9 anatipatsa Chihangare chokwanira kupemphera, kupereka umboni ndi kufunsa njira, koma osati kumva yankho lake. Pabwalo la ndege ku Salt Lake City ankatilola kuimba foni kunyumba. Ndinagula khadi, ndinayankhula ndi amayi, ndipo mphindi zotsalazo ndinaimba ku Chilomoni, kumene kunali kukuda kale. Agogo anayankha akupuma mwamphamvu, anali panja akuanula zovala mvula ikubwera. Tinacheza m'Chichewa chokhachokha, za denga lodontha, za mtengo wa feteleza, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa. Anati lilime langa layamba kuwongoka.

"Ndiye tanena pang'ono chinenero chakocho timve."

Mnzanga anali ataima pafupi monga mwa lamulo, akuloza wotchi. Ndinanena liwu limene linabwera msanga. "Szeretlek, nagymama."

"Ndiye kuti chiyani?"

Apo ndi pamene ndinazindikira mchira umene ndaika. Adzukulu a ku Hungary masiku ano amatero kwa agogo awo, palibe cholakwa. Ndinagwira khutu lakumanzere.

"Ndiye kuti ndimakukondani, agogo."

"Mawu onsewo m'kaliwu kamodzi? Chabwino. Uzivala zotentha kumeneko."